Yoga yothandiza kukhazika maganizo: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Mangochi

Ambiri amene amafunsa za yoga kuno safuna kupinda thupi ngati anthu a pa zithunzi za pa intaneti. Dandaulo lawo ndi la mutu. Wophunzira amatsegula buku, maso n'kumayenda pa mizere koma maganizo ali kumsika. Ejenti wa ndalama za pafoni amawerenga ndalama zomwezo katatu. Wina amamvera malangizo a kuntchito, kuvomera zonse, potuluka osagwirapo kanthu. Mayankho ali m'munsiwa talembera anthu otere.

Kodi yoga n'chiyani, ndipo ikukhudzana bwanji ndi maganizo?

Yoga inachokera ku India ndipo yakhalako zaka zoposa 2,000. Zimene munthu wamba amachita ndi zitatu: kuimika thupi m'njira zosiyanasiyana, kupuma mwadongosolo, ndi kusunga maganizo pa chinthu chimodzi. Mphunzitsi wakale wotchedwa Patanjali anaigawa m'masitepe 8. Za thupi, zotchedwa asana, anaziika pachitatu; za mpweya, pranayama, pachinayi; kusunga maganizo pamodzi, dharana, pachisanu ndi chimodzi. Dongosololi ndi lofunika kulimvetsa. Zochita za thupi zimakonza msana, chiuno ndi maondo kuti munthu athe kukhala phee popanda thupi kumudandaulira pamene mutu ukugwira ntchito yake. Amene amathera pa kudzipinda pokha amakhala atachita theka.

Mu December 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 June kukhala tsiku la yoga padziko lonse, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2015.

Nanga kupuma ndi kuima ndi mwendo umodzi kungathandize bwanji mutu?

Njira yoyamba ndi ya mpweya. Munthu wamkulu akakhala chete amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Nkhawa ikamugwira mpweya umafupika n'kumathera m'chifuwa, mtima umagunda mofulumira, ndipo ubongo umakhala tcheru kufunafuna choopsa m'malo mogwira zimene zili patsamba. Mukachedwetsa kupuma kufika ka 6 pa mphindi, makamaka mukatalikitsa potulutsa mpweya, mtsempha wotchedwa vagus, umene umachoka ku ubongo kutsikira ku mtima, mapapo ndi m'mimba, umathandiza kuchedwetsa mtima. Mutha kudzimvera nokha. Ikani zala ziwiri pa mtsempha wa padzanja m'munsi mwa chala chachikulu, mupume pang'onopang'ono. Pokoka mpweya kugunda kumafulumirako, potulutsa kumachedwa.

Njira yachiwiri ndi ya chizolowezi, ndipo ndi imene timaiona kuti ndi yaikulu. Mukaima ndi mwendo umodzi, thupi limakuuzani pompopompo kuti maganizo achoka, chifukwa mumayamba kugwedera. Mumabweza maso pamalo pake, mumakhazikikanso. Kuzindikira kuti maganizo achoka, n'kuwabweza, ndi luso lomwelo limene mumafuna mukakhala pa buku kapena pa kauntala.

Koma tinene poyera: yoga siika m'mutu zimene simunawerenge, ndiponso silowa m'malo mwa tulo.

Sindinachitepo. Ndiyambire pati?

Yambani ndi mphindi 15 tsiku lililonse. Mphindi 15 za tsiku ndi tsiku zimaposa ola lathunthu la Loweruka lokha.

Mphindi 2 zoyamba imani njo, opanda nsapato, mapazi otalikirana molingana ndi chiuno. Kulemera kwa thupi kugawike pa chidendene, pansi pa chala chachikulu ndi pansi pa chala chaching'ono. Maondo musawakankhire kumbuyo. Mapewa atsike, chibwano chikhale chowongoka, maso akhale pa chinthu chimodzi chosayenda. Pumani ndi mphuno.

Mphindi 2 zotsatira gwadani pa manja ndi maondo, zikhatho pansi pa mapewa, maondo pansi pa chiuno. Pokoka mpweya tsitsani mimba n'kutukula chifuwa. Potulutsa kwezani msana m'mwamba, chibwano chiloze pachifuwa. Chitani ka 8 mpaka ka 10, ndipo thupi lizitsatira mpweya, osati mpweya kuthamangira thupi.

Kenako mphindi 3 za kaimidwe kotchedwa Virabhadrasana II. Talikitsani mapazi pafupifupi mita imodzi. Phazi lakumanja liloze kumbali, lakumanzere lilowe mkati pang'ono. Pindani bondo lakumanja mpaka lifike pamwamba pa kakolo, osapitirira zala, ndipo lisagwere mkati. Tambasulani manja molingana ndi mapewa, maso pa chala chapakati cha dzanja lakutsogolo. Pumani kasanu, sinthani mbali, bwerezani kawiri. Ntchafu idzatentha ndipo mutu udzayamba kukuuzani kuti zakwana. Khalanibe mpaka mpweya wachisanu, nsagwada zili zomasuka.

Mphindi 3 zina ndi za kaimidwe ka mtengo, mphindi 4 za kukhala pansi ndi kupuma, ndipo yotsiriza mugone chagada, manja m'mbali, osachita kanthu. Za mtengo ndi za kupuma tazifotokoza pazokha m'munsimu.

Ndikaima ngati mtengo ndimangogwa. Ndikulakwitsa pati?

Kaimidweka, Vrikshasana, kamachitika chonchi. Imani ndi mwendo wakumanzere. Nyamulani phazi lakumanja, muliike mkati mwa mwendo woimawo, kaya pa kakolo zala zili pansi, kaya pakati pa kakolo ndi bondo, kaya mkati mwa ntchafu. Pa bondo penipeni ayi, chifukwa bondo silinapangidwe kuti lizikankhidwira kumbali. Manja agwirane pachifuwa. Yambani ndi masekondi 20 mbali iliyonse, muzikwera mpaka mphindi imodzi.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi maso. Thupi limadziwa pamene lili kudzera m'maso, mkati mwa khutu ndi m'mapazi, choncho maso akamayendayenda mwachotsa mzati umodzi. Sankhani kadontho pakhoma, msomali kapena mng'alu wa njerwa, pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu, molingana ndi maso anu. Musayang'ane munthu, nkhuku kapena masamba ogwedezeka ndi mphepo.

Chachiwiri ndi kugwira mpweya. Munthu akaopa kugwa amasiya kupuma osadziwa, thupi n'kuuma, kugwedera n'kukula. Chachitatu ndi zala za kumapazi zopinda ngati zikufuna kukumba pansi, zitambasuleni. Chachinayi ndi chiuno chothawira kumbali ya mwendo woima. Kankhanitsani phazi ndi ntchafu mofanana, chiuno chidzabwerera pakati.

Kugwedera pang'ono kwa kakolo si kulephera, ndi minofu ikudziwongola. Masabata oyamba imani pafupi ndi khoma, chala chimodzi chilikhudze.

Ndipume motani?

Khalani pansi mutapinda miyendo, koma matako akhale pa pilo kapena zitenje zopindidwa zokwera masentimita 8 mpaka 10, kuti chiuno chikwere kuposa maondo. Mukakhala pansi penipeni msana umapindika, ndipo pakapita mphindi ziwiri mumayamba kuganiza za msana wokhawokha. Mpando nawo ndi wabwino, bola mapazi onse afike pansi ndipo musatsamire.

Ikani dzanja pa mchombo. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima mpaka 4, dzanja likwere. Tulutsani mukuwerenga mpaka 6. Ngati mukubanika, tsikani pa 3 ndi 4. Palibe mphoto ya kutalikitsa mpweya mokakamiza.

Zikakhazikika, patatha sabata imodzi kapena ziwiri, onjezani kupuma kosinthanitsa mphuno, nadi shodhana. Tsekani bowo lakumanja ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja, kokani mpweya kumanzere. Tsekani kumanzere ndi chala chachinayi, tsegulani kumanja, tulutsani. Kokaninso kumanja komweko, tsekani, tulutsani kumanzere. Kumeneko ndi kuzungulira kumodzi. Yambani ndi kasanu, mufike pa 10. Ubwino wake pa nkhani ya chidwi ndi woti dongosolo lake silikulolani kulota: mukangochoka mumasokoneza zala. Musadabwe bowo limodzi likakhala lotseguka kuposa linzake, mphuno zimasinthana choncho pakapita maola angapo. Tsiku la chimfine kusiyeni.

Ndikapuma chonchi ndimamva chizungulire ndi dzanzi m'zala. N'zabwinobwino?

Ayi, ndi chizindikiro choti mukupuma mopyola muyeso. Mukakoka mpweya wambiri mofulumira, mpweya wa carbon dioxide umachepa m'magazi, mitsempha yopita ku ubongo imaphwa pang'ono, ndiye chizungulire chija. Siyani, pumani mwa masiku onse mphindi imodzi, ndipo poyambiranso kokani mpweya wochepa, mwakachetechete moti wokhala pafupi asamve. Pa mavidiyo mudzaona kupuma kofulumira kokankha mimba, kotchedwa kapalabhati. Kumeneko musayambe nokha popanda mphunzitsi, ndipo n'kosayenera kwa amayi oyembekezera, odwala BP, mtima kapena khunyu.

Ndikangokhala chete maganizo amachuluka kuposa kale. Kodi yoga si ya ine?

Maganizowo analipo kale, kungoti tsopano mwayamba kuwaona. Ichi ndi chimene chimasiyitsa anthu ambiri sabata yoyamba, chifukwa anamva kuti cholinga ndi kukhala ndi mutu wopanda kanthu. Ubongo wa munthu wamoyo sukhala wopanda kanthu, ndipo amene akulimbana kuti maganizo asabwere amangowonjezera ganizo lina pamwamba pa enawo.

Chitani izi. Werengani mpweya wotuluka wokha: woyamba 1, wachiwiri 2, mpaka 10, kenako yambiraninso. Mukazindikira kuti muli pa ngongole ya kugolosale kapena pa uthenga wa pa WhatsApp, kapena mwafika pa 17 osadziwa, bwererani pa 1. Osadzikalipira, osafufuza chimene chinakuchotsani. Wopalasa bwato pa Shire sakwiyira madzi akamukokera kumbali. Amakhudza nkhafi, bwato n'kuwongoka, ndipo amachita zimenezi ulendo wonse. Tsiku limene mwabwerera pa 1 ka 20 mwachita ntchitoyo ka 20.

Ganizo lina limabwera mobwerezabwereza chifukwa ndi la chinthu choyenera kuchitika, monga kukatenga mankhwala a mayi kapena kulipira fizi. Ikani kope ndi cholembera pambali musanayambe, mulembe zonse zimene zikudikira. Mutu ukadziwa kuti zasungidwa umasiya kukukumbutsani.

Ngati mukuwodzera, tsegulani maso pang'ono, muyang'ane pansi mita imodzi kutsogolo kwanu. Mukawodzerabe masiku onse, vuto ndi tulo tosakwana.

Kuno kumatentha. Nthawi ndi malo abwino ndi ati?

M'mawa kusanatenthe. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 30 masana, ndipo dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, choncho pofika 7 koloko m'nyumba ya malata mwayamba kale kufunda. Imwani kapu ya madzi mukadzuka, mudikire mphindi 15. Thupi losowa madzi limabweretsa kupweteka kwa mutu ndi ulesi, zomwe anthu amaziyesa kulephera kuika maganizo. M'miyezi ya mwera, June mpaka August, makamaka kumtunda monga ku Namwera, m'mawa kumazizira. Onjezani mphindi zosuntha msana musanaime ndi mwendo umodzi.

Simufunika mphasa yogula. Zoimirira chitani pa simenti kapena pa dothi lolimba, opanda nsapato kapena masokosi. Chitenje choyala pa simenti chimaterera, ndipo mkeka nawo umatha kutsetsereka. Zimenezi zisungireni zogwada ndi zokhala pansi.

Kunyanja n'kokoma, koma mchenga wofewa umamiza phazi ndi kupweteka manja, choncho fufuzani pamene mchenga walimba. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, ndiye ngati mukuchita kusanache, gawo lokhala pansi lichitireni m'nyumba, ngakhale m'neti momwe. M'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe musakhale chotsinzina pafupi ndi madzi kapena mabango. Ng'ona ndi mvuu zilipo, ndipo mvuu zimabwerera kumadzi m'mamawa.

Zovala zikhale zomasuka. Amayi ambiri amavala buluku lotakasuka m'kati mwa chitenje, ndipo mpango kumutu suletsa chilichonse.

Ndine Msilamu, mnzanga ndi Mkhristu. Kodi yoga si chipembedzo china?

Funsoli ndi loyenera ndipo sitilizemba. Yoga inakulira m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu, ndipo m'makalasi ena mumakhala nyimbo, mawu obwerezabwereza otchedwa mantra, ndi zina zachipembedzo. Pa chifukwa chimenechi atsogoleri ena achisilamu ndi achikhristu amaikana, pamene ena amalola zolimbitsa thupi ndi kupuma bola zopembedzazo zichotsedwe. Zimene tafotokoza pano zilibe pemphero, nyimbo kapena kugwadira chilichonse. Ngati kugwirizanitsa manja pachifuwa kukukuvutani mumtima, gwirani m'chiuno, phindu lake ndi lomwelo. Ngati mtima ukukayikabe, afotokozereni ashehe, abusa kapena ansembe anu zenizeni zimene mukuchita, mumve malangizo awo. Munthu wochita chinthu mtima ukumutsutsa sangakhazike maganizo.

Nanga za chakudya, ndi mwezi wa Ramadan?

Mukadya nsima dikirani maola awiri kapena atatu. Mukamwa tiyi kapena phala pang'ono, ola limodzi ndi lokwana. Mimba yodzadza imaletsa mpweya kutsika ndipo imabweretsa tulo. M'mwezi wosala, nthawi yabwino ndi m'mawa thupi likadali ndi madzi, ndipo chepetsani zoimirira. Masana chitani zopuma zokha mutakhala pamthunzi. Odwala shuga asachite zolimbitsa thupi ali ndi njala asanamve kwa adokotala awo.

Ndikukonzekera mayeso a MSCE. Ndizigwiritsa ntchito bwanji powerenga?

Musanatsegule buku pumani ka 10 mwa 4 ndi 6 muja, kenako nenani chinthu chimodzi chimene mukufuna kumaliza, mwachitsanzo masamu asanu kapena mutu umodzi wa Biology. Werengani mphindi 25 kapena 30. Pumulani mphindi 5 mutaimirira: mtengo mbali zonse ziwiri, kutambasula msana, madzi. Foni ikhale chipinda china kapena yozimitsa, chifukwa mukaitsegula pa mphindi 5 zopumulazo maganizo amatsalira komweko. Mukazindikira kuti mwawerenga ndime osamva, chitani monga pa kuwerenga mpweya: bwererani pa chiganizo chomaliza chimene munachimva.

Kuchezera usiku wonse mapazi ali m'ndowa ya madzi ozizira kumakupatsani maso otseguka, osati mutu wogwira. Ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira pamene mukugona. Achinyamata amafunika maola 8 mpaka 10, akuluakulu osachepera 7.

M'chipinda cholembera mayeso, mukaona ngati mwaiwala zonse, ikani cholembera pansi, mapazi onse apondetse pansi, tulutsani mpweya wautali katatu, muyambe ndi funso limene mukulidziwa. Izi zimagwira kwa amene anazizolowera kale, choncho musadikire tsiku la mayeso kuti muziyese.

Ndimagwira ntchito usiku panyanja, ena ndi madalaivala. Zikutikhudza?

Asodzi ndi alovi obwera m'mawa kuchokera ku usipa asachite zoimirira pobwera. Gwadani, matako pa zidendene, chipumi pansi, manja m'mbali, mupume ka 10; kenako mugone chagada miyendo itakwera pa mpando mphindi 5, msana upumule, mukagone pamalo a mdima. Zoimirira zija zichiteni madzulo musananyamuke.

Madalaivala ndi a kabaza achite zopuma galimoto kapena njinga itaima. Pamsewu musatsinzine, musatseke mphuno, musawerenge mpweya. Tulo tikakugwirani palibe kapumidwe kamene kangatichotse. Imani pabwino, mugone mphindi 15 kapena 20.

Ndamva zoyang'anitsitsa kandulo. Zimathandiza?

Zimenezo ndi trataka. Kandulo imaikidwa molingana ndi maso, pa mtunda wa mkono wotambasula, munthu n'kuyang'ana lawi masekondi 30 mpaka mphindi imodzi, kenako n'kutsinzina. Ife timalangiza kadontho kakuda pa pepala loyera lomata pakhoma. Ntchito yake ndi yomweyo, ndipo palibe chiopsezo cha moto pafupi ndi neti kapena denga la udzu. Phethirani maso akafuna. Odwala khunyu ndi a vuto la maso asagwiritse ntchito lawi, ndipo dzuwa musaliyang'ane ngakhale likutuluka kumene.

Ana angachite nawo?

Inde, koma mphindi 5 zokha ndiponso mwamasewera. Apikisane kuima ngati mtengo, kapena agone chagada ndi kamwala kosalala pa mchombo n'kumaona kakukwera ndi kutsika. Asagwire mpweya. Musasandutse kukhala chete kukhala chilango, chifukwa mwana adzadana nako.

Ndani ayenera kusamala?

Amayi oyembekezera asagone chafufumimba, asapotoze mimba, asagwire mpweya, ndipo m'miyezi yomaliza agone cham'mbali m'malo mwa chagada. Afunse kusikelo asanayambe. Odwala BP ndi a matenda a maso otchedwa glaucoma apewe zotsitsa mutu kupitirira mtima. A maondo opweteka akhale pa mpando, asadzikakamize kupinda miyendo ngati a pa zithunzi. Amene angochitidwa kumene opareshoni adikire chilolezo cha adokotala.

Kumva mnofu ukutambasuka pang'ono ndi kwabwino. Ululu wobaya, makamaka m'bondo, m'khosi kapena m'munsi mwa msana, ukutanthauza kuti musiye pomwepo. Ndipo ngati kutsinzina kukubweretsa zithunzi za zoopsa zimene munakumana nazo, tsegulani maso, muchite zoimirira zokha, mupeze wokamba naye.

Ndidzadziwa bwanji kuti zikugwira ntchito?

Dzipatseni masabata 6 mpaka 8 musanagamule. Kamodzi pa sabata lembani m'kope zinthu zitatu: masekondi amene mwaima ngati mtengo mbali iliyonse, kangati mwafika pa 10 osasochera m'mphindi 4, ndi mphindi zimene mwagwira ntchito musanagwire foni. Kusintha koyamba nthawi zambiri sikukhala kuchepa kwa maganizo othawa, koma kufulumira kuzindikira kuti athawa. Kale munkamaliza tsamba lonse musanadziwe kuti simukumva, tsopano mukudziwa pa mzere wachiwiri.

Ndachita miyezi iwiri koma palibe kusintha. Nditani?

Pitani kuchipatala, chifukwa matenda angapo ofala kuno amafooketsa mutu ndipo yoga singawachiritse. Likodzo, limene limagwira anthu osamba, ochapa ndi osodza m'madzi okhala ndi nkhono, limatopetsa ndi kuchepetsa magazi. Mukaona magazi mu mkodzo kapena kumva kuwawa pokodza kayezetseni, mankhwala ake ndi praziquantel. Kuchepa kwa magazi kumaoneka ndi zikhatho ndi m'kati mwa zikope zoyera, kutopa msanga ndi mtima kugunda mukangoyenda pang'ono. Malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba mwa ana, ndi kupita kusukulu wosadya kanthu, zonsezi zimachita chimodzimodzi. Mwana amene amatsinzinira kuti aone pa bolodi, kapena amene amafunsa kawirikawiri kuti mwati chiyani, ayezedwe maso ndi makutu asanatchedwe wosamvera.

Ngati kwa masabata oposa awiri mukusowa tulo, simukufuna chakudya, zimene munkakonda sizikukusangalatsani, kapena mukuganiza zodzivulaza, awuzeni achipatala mwamsanga ndipo musabise. Mowa ndi chamba nazo zimasokoneza kukumbukira ndi chidwi. Palinso vuto lolephera kusunga chidwi ndi kukhazikika, lotchedwa ADHD, limene limayamba paubwana ndipo limaoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Limafuna kuunikidwa ndi akatswiri, ndipo yoga imangothandizira pambali. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi. Tengani kope lanu lija kuti mukafotokoze bwino za tulo, chakudya ndi nthawi imene vutoli linayamba.